Muli mu foda iti? Kuyenda mkati mwa seva ndi sftp

Mukalowa mu seva polemba `sftp dzina@adiresi`, simuona tizithunzi ta mafoda toti mudine. Pamangobwera `sftp>` basi, kudikira lamulo lanu. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti apa mwaima malo awiri nthawi imodzi: mu foda ina pa kompyuta yanu, komanso mu foda ina pa seva, yomwe mwina ili ku Johannesburg kapena ku London.

Lembani `pwd`, seva ikuuzani foda imene muli. `ls` imaonetsa zimene zili momwemo, ndipo `cd` imakulowetsani mu foda ina. Mukafuna kuchita zomwezi pa kompyuta yanu, ingoikani l kutsogolo: `lpwd`, `lls`, `lcd`. L ameneyu akuimira liwu la Chingelezi loti local, kutanthauza za kwanu konkuno.

Njira zopitira ku foda zilipo ziwiri. Mukalemba `cd /home/wophunzira/notsi`, mwayambira pa `/`, pomwe ndi patsinde pa mafoda onse, choncho mufika kulikonse komwe munali. Koma `cd notsi` imafufuza mkati mwa foda imene muli panopa basi. Ngati notsi mulibe, seva ikana. Kubwerera ku foda ya pamwamba ndi `cd ..`, madontho awiri.

Seva zambiri zimayendera Linux, ndipo Linux sachita chibwana ndi zilembo: Notsi ndi notsi ndi mafoda awiri osiyana. Dzina likakhala ndi mpata, litsekereni mu zizindikiro: `cd "Fomu 3"`.

Ndiye kudziwa komwe muli kuli ndi ntchito yanji? `get` imakoka fayilo kuchokera mu foda ya pa seva kubweretsa mu foda ya pa kompyuta yanu, pomwe `put` imatumiza kuchoka kwanu kupita uko. Ngati kumeneko kuli kale fayilo ya dzina lomwelo, `put` imalemba pamwamba pake osakufunsani n'komwe, ntchito ya mnzanu ya sabata yonse n'kupita. `rm` nayo ilibe Recycle Bin. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba `pwd` ndi `ls` musanatumize kanthu.

Mwina mwamvapo za ftp, yomwe inayamba mu 1971. Malamulo oyendera mafoda ndi ofanana kwambiri, koma ftp imatumiza pasiwedi yanu poyera, yosabisika. Sftp imadutsa mu SSH, pa port 22, ndipo zonse zimayenda zobisika. Mukamaliza, lembani `bye`.