Ondipatsa katundu amasinthasintha, nditani?

Funso: Ndili ndi holoselo ku Limbe, ndipo makampani ondipatsa katundu sakhalitsa. Kodi pakabwera watsopano ndizilembetsanso pulogalamu ina?

Yankho: Ayi bambo, kumeneko n'kutaya ndalama. Funsani ngati kampaniyo ili ndi API, khomo limene makompyuta amatumizirana uthenga pa intaneti popanda wina kutayipa. Oda imapita yokha, mtengo ndi nambala ya lisiti n'kubwera pompo. Ku Kenya, Safaricom inatsegula Daraja mu 2017 kuti mabizinesi azilumikizana ndi M-Pesa mwanjira yomweyi. Wokupatsani katundu akachoka mumangochotsa kiyi yake yolowera pa khomo la API n'kuika ya watsopanoyo, ngakhale pamakhala kokonza pang'ono poti makampani salemba uthenga mofanana. Vuto limabwera netiweki ikagwa. Muuzeni wokonza pulogalamu wanu kuti iziyesanso yokha, koma isatumize oda imodzi kawiri.