MUKAONA MNZANU AKUPOPERA MANKHWALA OSADZITETEZA, KODI MUKHALE CHETE?

Phunziro la mwezi uno ndi la chitetezo pa ntchito. Ambiri tikamva mawu amenewa timaganiza za migodi ya malasha ku Moatize kapena doko la ku Beira. Koma kwathu kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, malo athu antchito ndi munda wa fodya, dimba la kachewere ndi tomato, ndiponso munda wa chimanga. Chinthu choopsa chimene timagwira ndi manja m'malo amenewa ndi mankhwala ophera tizilombo. Kuyambira 2017, pamene mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo inafika m'dziko lathu, ngakhale amene amalima chimanga chokha anayamba kupopera.

Funso lathu ndi ili: mukudutsa pamunda wa mnzanu, mwaona mnyamata waganyu akusakaniza mankhwala ndi dzanja, alibe nsapato, malaya anyowa kumsana chifukwa mpope ukudontha. Munda si wanu, mnyamatayo si mwana wanu. Kodi mulankhule kapena mupitirire?

VUTOLI NDI LALIKULU BWANJI?

Chaka chilichonse anthu ambiri padziko lonse amadwala chifukwa mankhwala ophera tizilombo awalowa m'thupi mwangozi. 

Mankhwalawa amalowa m'thupi m'njira zitatu: pakhungu, popuma ndi pakamwa. Kwa munthu wopopera, njira yaikulu ndi yapakhungu, makamaka akatuluka thukuta kapena ali ndi chilonda. Vuto lake, khungu silipweteka pamene poizoni akulowa. Munthu amaona ngati zonse zili bwino mpaka mutu uyamba kuwawa. N'chifukwa chake woyamba kuona ngozi nthawi zambiri ndi amene waima pambali. Wopopera sangaone kumsana kwake, koma inu mukuona.

N'CHIFUKWA CHIYANI TIMAKHALA CHETE?

1. Ulemu. Tinaleredwa kuti mwana salangiza wamkulu.
2. Mantha. Waganyu amaopa kuti akadandaula, mawa samuitananso.
3. Kuopa kunenedwa kuti ndiwe wodzimva kapena wa nsanje.
4. Chizolowezi. "Chaka chatha tinapopera chonchi, palibe anafa."
5. Kuyembekezana. Anthu akakhala ambiri, aliyense amaganiza kuti wina anena, mapeto ake palibe amene amanena.

Zifukwa zimenezi ndi zomveka. Koma taziyezani ndi mtengo wa kukhala chete: ulendo wa usiku kupita kuchipatala panjinga, ndalama za feteleza zothera pa matenda, mwinanso maliro. Manyazi amatha tsiku lomwelo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Yankho la phunziro lino ndi lakuti lankhulani, ndipo lankhulani nthawi yomweyo.

ZINTHU ZIMENE SIMUYENERA KUZIONERA CHETE

• Munthu akuuzira ndi pakamwa kukamwa kwa mpope kukatsekeka. Atsegule ndi madzi kapena kaudzu kofewa.
• Kusakaniza mankhwala ndi dzanja m'malo mwa kamtengo. Nthawi yosakaniza ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa mankhwala amakhala asanasungunulidwe.
• Kupopera moyang'anana ndi mphepo kapena dzuwa lili paliwombo. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo kukakhala bata.
• Kudya, kumwa kapena kusuta fodya musanasambe m'manja ndi sopo.
• Mwana, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akupopera kapena kukhala pafupi.
• Mankhwala othiridwa m'botolo la zakumwa, monga amene amagulitsidwa pang'onopang'ono m'misika ya m'malire opanda pepala la malangizo. Mwana sasiyanitsa.
• Chigubu cha mankhwala chikutungira madzi kapena kusungira mchere. Chitsukidwe katatu, madziwo athiridwe mumpope, kenako chiboolodwe.
• Kutsuka mpope mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.
• Mapiritsi otulutsa mpweya wopha anankafumbwe aikidwa m'chimanga m'nyumba yogona anthu. Mpweya umenewo umapha anthunso.

Onaninso mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa pepala la botolo. Wofiira ukutanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri. Ngati pepalalo lili m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi ndipo mwini wake sakumva, inu amene mumatha kuwerenga muwerengereni.

MUNGALANKHULE BWANJI OSAYAMBANA?

Choyamba, lonjerani monga mwa mwambo. Musafuule muli kunjira. Musenderereni, koma imani kumbali imene mphepo ikuchokera.

Chachiwiri, nenani chimene mwaona, musamunyoze munthuyo. Kunena kuti "Ndinu osasamala" kumatseka makutu. Nenani kuti: "Achimwene, mpopewo ukudontha, malaya anu anyowa kumsana. Tautulani tiuone."

Chachitatu, kwa wamkulu, funsani mwaulemu: "Pepani amalume, ndine mwana, koma alangizi aja sananene kuti tizivala jombo popopera?" Mukatero mwawapatsa mpata wosintha popanda kuchita manyazi. Musawadzudzule pamaso pa ana awo kapena antchito awo.

Chachinayi, bweretsani thandizo pamodzi ndi mawu. Abwerekeni jombo kapena magolovesi, atungireni madzi osamba, tengani mwana mupite naye kutali.

Chachisanu, akakana musalimbane nawo. Kauzeni munthu amene amamumvera: mkulu wa banja, wapampando wa kalabu ya alimi, a nyakwawa, kapena mlangizi wa zaulimi wa ku SDAE. Koma ngati amene ali pangozi ndi mwana, musadikire. Muchotseni kaye, zokambirana pambuyo.

KWA INU AGANYU NDI INU OLEMBA NTCHITO

Lamulo la Ntchito la Mozambique, la nambala 13/2023, limalamula olemba ntchito kuteteza moyo wa antchito awo ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera pamene ntchito ili yoopsa. Sililola kuti mwana wosakwana zaka 18 agwire ntchito yoika moyo wake pachiswe. Choncho kupempha magolovesi si mwano. Ngati mukuopa kupita nokha kwa abwana, pitani awiri kapena atatu. Pakampani kapena pa esiteti, madandaulo akapanda kumveka amapita ku Inspecção Geral do Trabalho.

Inu eni munda, wantchito akakuuzani kuti mpope ukudontha, muthokozeni. Mukamukalipira lero, mawa anzake onse adzatseka pakamwa, ndipo ngozi mudzaidziwa itachitika kale.

MUNTHU AKADWALA PAMUNDA

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, thukuta lambiri, malovu ochuluka, kusaona bwino, kunjenjemera ndi kubanika. Chitani izi:

1. Muchotseni pamalopo, apite pamphepo yabwino. Inu valani majumbo m'manja pomugwira.
2. Muvuleni zovala zonyowa, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri.
3. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15.
4. Musamusanzitse. Musamupatse mkaka, mafuta kapena kachasu. Mkaka suchotsa poizoni.
5. Akakomoka, mugonekeni chammbali.
6. Thamangirani naye kuchipatala, mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti anamwino adziwe chimene chamulowa.

Dziwaninso kuti masamba onyowa a fodya nawonso amadwalitsa. Chikonga chimalowa pakhungu, munthu n'kuyamba kusanza ndi kumva chizungulire. Mukaona ana akuthyola fodya mame asanaume, nenani.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU A AMVETSERI

1. Pa zinthu zoopsa zimene tatchula, ndi ziti zimene mumaziona kawirikawiri m'mudzi mwanu?
2. Kodi mtengwa angawachenjeze bwanji apongozi ake popanda kuoneka wamwano?
3. Kodi kalabu yanu ingagule jombo ndi magolovesi zoti muzibwerekana?

Tumizani mayankho a gulu lanu ku wailesi, tidzawawerenga pa pulogalamu ya zaumoyo. Pa 28 Epulo chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira chitetezo ndi umoyo pa ntchito, koma inu musadikire tsiku limenelo. Werengerani pepala ili anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo musanapopere sabata ino, pemphani mnzanu akuyang'anireni mpope kumsana.