Phunziro la Kuwerenga: Mota, Sikuta ndi Kalata Yoyendetsera

Anzathu, lero tiwerenga za njinga yamoto. Kwathu kuno timangoti mota.

Mota yafika m'midzi yathu. Ku Ulongue, ku Tsangano, ku Moatize ndi ku Lichinga mota imanyamula matumba a mbatatesi ndi chimanga. Imapereka mphunzitsi kusukulu. Imathamangitsa mayi wapakati kuchipatala usiku. Mabanja ambiri amadya chifukwa cha mota. Choncho mota ndi chida cha ntchito, monga khasu ndi nkhwangwa. Koma nkhwangwa ili m'manja mwa munthu wosaidziwa imatema mwendo.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la pamsewu la dziko lathu limatchedwa Código da Estrada. Linalembedwa mwatsopano m'chaka cha 2011. Lamuloli likuti woyendetsa mota pamsewu akhale ndi kalata yoyendetsera. Pa Chipwitikizi kalatayi ndi carta de condução. Ofesi ya boma yoyang'anira makalatawa ndi INATRO.

Kalata za mota zili mitundu iwiri. Mtundu wa A1 ndi wa mota zazing'ono, za injini yofika 125 cm³. Munthu angaupeze akakwanitsa zaka 16. Mtundu wa A ndi wa mota zazikulu kuposa pamenepo, ndipo umafuna zaka 18. Nambala ya cm³ imatiuza kukula kwa injini. Imalembedwa m'kabuku ka mota, livrete, ndipo nthawi zambiri imaonekanso m'mbali mwa motayo. Tiyeni tizolowere kuiwerenga. Mota ya 150 yapitirira malire a A1, ngakhale ioneke yaing'ono m'maso.

Mayeso ali pawiri. Oyamba ndi a malamulo ndi zizindikiro, ndipo amafunsidwa m'Chipwitikizi. Achiwiri ndi oyendetsa mota pamaso pa woyesa. Apa tikuona phindu la kalasi yathu. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa anthu 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse yolimbana ndi umbuli umenewu inayamba mu 1978. Ife tikupitiriza ntchito yomweyo. Munthu wosawerenga sangayankhe mafunso a mayeso, sangawerenge livrete, ndipo wogulitsa mota wachinyengo amamunamiza mosavuta.

Zizindikiro nazo zimawerengedwa. Cha ngodya zitatu, cha m'mphepete mofiira, chikuti: chenjera, kutsogolo kuli choopsa. Chozungulira cha m'mphepete mofiira chikuti: usachite. Chozungulira cha mtundu wa thambo chikuti: uchite ichi. Cha mbali 8 cholembedwa STOP chikuti: ima, phazi lifike pansi. Ndipo tisaiwale kuti m'dziko lathu timayenda kumanzere kwa msewu, monga anansi athu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Funso la sikuta

Pali funso limene achinyamata amatifunsa kawirikawiri m'makalasi. Amati: "Aphunzitsi, nanga ndikabwereka sikuta n'kukayeserapo mayeso, sindikhoza msanga?" Funsoli ndi labwino. Tiyeni tilione mofatsa.

Sikuta ndi mota ya matayala ang'onoang'ono, yokhala ndi poponda mapazi paphanthiphanthi kutsogolo kwa mpando. Munthu amakhalapo ngati wakhala pampando wa m'nyumba, ndipo mayi wovala chitenje amakwera osavutika. Sikuta yotchuka yotchedwa Vespa inayamba kupangidwa ku Italy mu 1946. Masikuta ambiri a masiku ano alibe kilatchi ya pamanja, alibenso magiya a kuphazi. M'kati mwake muli lamba woyenda pa timawilo tiwiri. Injini ikathamanga, lambayo amasuntha malo, ndipo giya imasintha yokha. Woyendetsa amangopotoza chogwirira cha kumanja kuti aipatse moto, basi.

Ndiye n'zoona kuti mayeso pa sikuta amapepuka. Ophunzira ambiri amagwa mayeso chifukwa injini yawazimira ponyamuka, kapena mota yalumpha chifukwa atayirira kilatchi mwadzidzidzi. Pa sikuta mavuto awiriwa kulibe. Maganizo onse amapita pamsewu: kuyang'ana pagalasi, kucheuka, kuyatsa pisca musanakhote, kuima pamalo oyenera. Izi ndi zimene woyesa amafuna kuona. Sitikunyoza sikuta. Kwa namwino kapena wamalonda woyenda m'misewu ya tala mumzinda wa Tete, sikuta ndi yokwanira, ndipo wophunzira wamantha amayamba bwino pa iyo. Wofuna njira imeneyi ayambe wafunsa kusukulu yoyendetsa ndi ku INATRO mtundu wa mota imene amayeserapo, asanawononge ndalama zobwereka.

Koma ife tikuti: samalani ndi dzanja lamanzere.

Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali moyo wa munthu. Pa sikuta, kachitsulo kofinya ndi dzanja lamanja ndi buleki ya kutsogolo. Kofinya ndi dzanja lamanzere ndi buleki ya kumbuyo. Mapazi sagwira ntchito. Pa mota ya magiya, imene ambiri amagula kumudzi, zinthu zili mosiyana. Dzanja lamanja likadali pa buleki ya kutsogolo. Koma dzanja lamanzere lili pa kilatchi, imene pa Chipwitikizi amati embraiagem. Buleki ya kumbuyo ili kuphazi lamanja. Magiya ali kuphazi lamanzere.

Tsopano taganizani za mnyamata amene waphunzira pa sikuta, wakhoza pa sikuta, kenaka wagula mota ya magiya. Akutsika chitunda, kumbuyo wanyamula munthu. Mbuzi yadumphira pamsewu. Pa nthawi ngati imeneyi mutu suganiza, manja amachita zimene anazolowera. Dzanja lamanzere lifinya, iye n'kumati wagwira buleki. Koma wafinya kilatchi. Kilatchi imalekanitsa injini ndi tayala. Injini imene inkaigwira mota kuti isathamange yasiya kuigwira, ndipo pamtsetse mota ingowonjezera liwiro. Phazi lamanja, limene likanaponda buleki, silinaphunzirepo ntchito imeneyo. Kalata ili m'thumba, ya boma, yosabera. Koma phazi silinawerenge kalatayo.

N'chifukwa chake maiko ena amalemba zimenezi pakalata penipeni. Ku Britain, munthu amene wakhoza mayeso pa mota yopanda magiya amaloledwa kuyendetsa zopanda magiya zokha. Akafuna ya magiya amakayesedwanso. Ife tikuona kuti maganizo amenewa ndi anzeru, ndipo aliyense wa ife angadziikire yekha lamulo lomweli, popanda kudikira wapolisi.

Palinso nkhani ya matayala. Tayala la sikuta ndi laling'ono, choncho limalowa m'dzenje limene tayala lalikulu likanangodutsa pamwamba. Pamchenga ndi m'matope a dzinja limaterereka msanga. Misewu yopita kuminda yathu ndi yotero. Amene waphunzira pa tala pokha sanaphunzire msewu wa kwawo.

Tichite chiyani tsono?

Amene akudziwa kuti adzagwira ntchito pa mota ya magiya aphunzire pa ya magiya, ndipo ayesedwe pa yomweyo, ngakhale zitenge masabata ambiri. Amene wapeza kale kalata kudzera pa sikuta asachite manyazi kubwerera pabwalo la mpira. Apite ndi mnzake wodziwa, nthawi imene ana palibe. Ayambe ndi kunyamuka ndi kuima, kunyamuka ndi kuima, mpaka dzanja lidziwe pamene kilatchi imayamba kugwira. Kenaka aphunzire kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, osaponda pansi. Kenaka kunyamuka pachitunda mota osabwerera m'mbuyo. Pomaliza aphunzire kuima mwadzidzidzi ndi mabuleki onse awiri pamodzi. Ambiri amaopa buleki ya kutsogolo, amati imagwetsa. Zoona zake n'zakuti mota ikamaima kulemera konse kumapita kutsogolo, ndipo buleki ya kutsogolo ndi imene imagwira ntchito yaikulu. Imagwetsa munthu woifinya mwamphamvu kamodzin'kamodzi, makamaka pokhota kapena pamchenga. Tiifinye mowonjezera pang'onopang'ono, monga tifinyira ndimu.

Munthu wachiwiri akwere pamene zonsezi zatheka. Mota yolemedwa imachedwa kuima ndipo imakhota movuta. Wokwerayo wapereka ndalama zake ndi moyo wake m'manja mwa woyendetsa. Iye sangadziwe kuti kalata inapezeka bwanji. Onse awiri avale chipewa cholimba choteteza mutu, capacete, ndipo achimange pachibwano. Chipewa chokoleka pachigongono sichiteteza mutu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, OMS, linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apamota.

Tinene mawu amodzi za iwo amene amafuna kugula kalata ndi ndalama za m'manja, osayesedwa konse. Wogula ndi wogulitsa onse akuphwanya lamulo ndipo akubera anthu. Munthu wotere tisamukwere, ndipo pamsonkhano wa mudzi timuuze poyera.

Ntchito ya m'kalasi

Tiyeni tichite masamu pabolodi. Mota ikuyenda makilomita 50 pa ola. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000, choncho pa ola ikuyenda mamita 50,000. Ola limodzi lili ndi masekondi 3,600. Tikagawa, tipeza kuti pa sekondi imodzi mota yayenda mamita pafupifupi 14. Tuluka nawoni ophunzira panja, muyeze mamita 14 ndi chingwe, aone ndi maso awo. Umenewo ndi mtunda umene mnyamata uja wataya pa sekondi imodzi yofinya kilatchi m'malo mwa buleki. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki umawirikiza kanayi.

Kenaka aliyense ajambule mota m'kope lake, ndipo alembe mawu awa pamalo pake: kilatchi, giya, buleki ya kutsogolo, buleki ya kumbuyo. Pambali ajambule sikuta, alembenso. M'magulu a anthu asanu, kambiranani: m'mudzi mwathu muli mota zingati, ndipo oyendetsa angati ali ndi kalata? Amene alibe akusowa chiyani, ndalama, kuwerenga kapena mayendedwe opita ku ofesi? Gulu lililonse lisankhe mlembi, ndipo mayankho tidzawerenge pa phunziro lotsatira.