Madzi a mumgodi: tingamwe, tingathirire mbewu, kapena tiwathawe?

WOWULUTSA: Omvera athu, makalata a sabata ino agundana pa nkhani imodzi, ya madzi otuluka m'migodi. Muno ndili ndi katswiri wa za madzi ndi miyala ya pansi pa nthaka. Bambo, takulandirani. Kalata yoyamba yachokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito mumzinda wa eMalahleni ku South Africa. Akuti, "Anzanga kuno akuti ena mwa madzi a pampopi amene timamwa amachokera m'migodi ya malasha. Akundinamiza? Ngati n'zoona, ndisiye kumwa?"

KATSWIRI: Zikomo mayi. Achimwene athuwo sakunamizidwa ayi. Mzinda umenewu, womwe kale unkatchedwa Witbank, wazunguliridwa ndi migodi ya malasha, ndipo migodiyo imadzaza madzi. Mu 2007 kampani ya Anglo American, mogwirizana ndi BHP Billiton, idatsegula fakitale yoyeretsa madziwo, malita osachepera 20 miliyoni patsiku, ndipo ambiri amapita m'matanki a khonsolo ya mzindawo. Potuluka pafakitalepo amakhala akumwa ndithu. Koma amakhala atachokera kutali.

M'miyala yambiri ya malasha, golide ndi kopa mumakhala mwala wachikasu wonyezimira wotchedwa pyrite, wopangidwa ndi chitsulo ndi salufa. Ukakhala pansi osakhudzidwa, ulibe mlandu. Anthu akaukumba n'kuuphwanya, ukakumana ndi mpweya ndi madzi, umatulutsa asidi wa mtundu womwe uja wa m'batire ya galimoto, kungoti wochepa ukali. Asidiyo amasungunula chitsulo, manganizi, aluminiyamu, malo ena ngakhale yureniyamu, n'kuzitengera kumtsinje. Mukaona khwawa la matope a dzimbiri, lopanda nsomba kapena chule, ndiye zimenezo.

Poyeretsa amayamba ndi laimu. Laimu amapha asidi, ndipo akawonjezera mpweya, zitsulo zija zimasanduka matope n'kudikha pansi. Madzi apamwambawo amaoneka oyera mbee, koma adakali ndi mchere wambiri wa salufeti. Kuti mcherewo uchoke, amawakankha ndi mapampu amphamvu kudzera m'masefa a timibowo tosaoneka ndi maso, njira imene amati reverse osmosis. Apa mpamene pamadya magetsi ndi ndalama. Zotsalira zake zambiri ndi mchere wotchedwa gypsum, ndipo ku eMalahleni komweko adayesapo kumangira nyumba.

WOWULUTSA: Yachiwiri yachokera ku Kitwe m'dziko la Zambia. Mayi awa akuti, "Damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, tidamva kuti ndege zikuwaza laimu mumtsinje. Ndiye kuti mtsinjewo udachira?"

KATSWIRI: Pepani mayi ndi zimene zidakugwerani. Omvera ena akumbukire: pa 18 February 2025 damu la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia lidagumuka, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a zinyalala za asidi adatsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zidafa, minda idapsa, mipopi ya ku Kitwe idatsekedwa. Laimu adathandiza, sindikana, chifukwa adachepetsa ukali wa madzi. Koma m'fakitale, matope a zitsulo aja amawachotsa n'kukawasunga pamalo otchingidwa. Mumtsinje palibe wowachotsa. Amakhala pansi ndi m'magombe, ndipo madzi osefukira akabwera amavundukanso. Choncho funso lofunsa akuluakulu si lakuti "asidi watha?" lokha. Afunseni zimene apeza m'matope, m'nthaka ya m'madimba ndi m'nsomba.

WOWULUTSA: Koma bambo, mgodi ukatsekedwa vutoli silitha lokha?

KATSWIRI: Mayi, nthawi zambiri mpamene limayamba. Mgodi ukamagwira ntchito, eni ake amapopa madzi usana ndi usiku kuti anthu awo asamire. Akachoka amazimitsa mapampu, madzi n'kuyamba kukwera. Ku Johannesburg golide adapezeka mu 1886, adakumba zaka zoposa 100, makampani ambiri n'kutha. Mu 2002 madzi a asidi adatumphukira pamtunda kufupi ndi Krugersdorp. Boma ndi limene lidasenza katunduyo: kudzera ku bungwe la TCTA lidamanga mafakitale a laimu, ku Germiston mu 2014 ndi ku Springs mu 2016. Madzi otuluka kumeneko alibe asidi koma adakali amchere, ndipo amakathera mumtsinje wa Vaal, umene anthu mamiliyoni amadalira. Wodya golide adapita, wolipira mapampu ndi wokhoma msonkho. N'chifukwa chake ine ndikamva kuti mgodi watsopano ukubwera, sindiyamba ndafunsa za ntchito zimene upereke. Ndimafunsa ndalama zimene kampani yasungitsa zoti zidzayendetse mapampu iyo itachoka.

WOWULUTSA: Tibwerere kwathu kuno. Mlimi wina wa ku Karonga akuti, "Ife tili kumunsi kwa mgodi wa Kayelekera. Chilimwe chikafika mbewu zimauma. Bwanji madzi a m'migodi osatipatsa ife tizithirira m'malo mongowataya?"

KATSWIRI: Maganizowo si olakwika, bambo. Si madzi onse a mumgodi amene ali ndi asidi. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe m'dziko la Zambia, umodzi mwa migodi yonyowa kwambiri padziko lapansi, umapopa malita oposa 300 miliyoni patsiku, ndipo ambiri ndi madzi wamba a pansi pa nthaka. Ku South Africa akatswiri a yunivesite ya Pretoria adathirirapo tirigu ndi chimanga ndi madzi a m'migodi ya malasha ataphedwa asidi, ndipo mbewu zidabereka. Koma ankayeza nthaka mosalekeza kuti mchere usaunjikane.

Kayelekera ndi nkhani ina, chifukwa ndi mgodi wa yureniyamu. Kampani ya Paladin idakumba kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo Lotus Resources, yomwe idagula mgodiwo mu 2020, idayambanso ntchito mu 2025. Ambiri mukukumbukira mkangano wa 2015, pamene madzi oyeretsedwa adayamba kutayidwa mumtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru mpaka kunyanja. Madzi a mgodi wotere sangaweruzidwe ndi maso, mphuno kapena lilime. Aweruzidwa ndi labotale. Langizo langa n'lakuti kudzera kwa mafumu ndi komiti yanu ya chitukuko, pemphani zotsatira za kuyeza madzi kwa bungwe loona za chilengedwe la MEPA, kwa bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority ndi kwa bungwe loona za mphamvu za atomu la AERA. Zikhale zolembedwa, zosonyeza tsiku ndi malo pamene adatunga, za dzinja ndi za chilimwe zomwe. Kuyeza kamodzi pachaka alendo akamabwera sikokwanira.

WOWULUTSA: Yomaliza, nthawi yatithera. Mayi wina wa ku Makanjira ku Mangochi akuti, "Mjigo wathu udawonongeka. Tikutunga m'maenje amene anyamata amatsukira golide. Ndimawiritsa n'kuthiramo WaterGuard. Zakwana?"

KATSWIRI: Sizidakwane, mayi. Kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba. Zitsulo sizifa. Ndipo mukawiritsa nthawi yaitali zimakhala ngati ndiwo zophwera pamoto: msuzi umachepa, mchere n'kuwawa kwambiri. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti otsuka golide ena amagwiritsa ntchito mekyule, amene amawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana wosabadwa ndi ana aang'ono. Amalowanso m'nsomba za m'madzi omwewo. Madzi a m'maenjewo musamwe, musaphikire, ngakhale ziweto zisamwe. Tungani kumtunda kwa malo otsukirawo ngakhale kutalike, ndipo amenewo ndiye muziwiritsa kapena kuthira klorini. Za mjigowo, komiti yanu ikauze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ofesi ya madzi ya paboma. Akamabwera, apempheni atenge madzi a m'maenjewo m'botolo lawo la kulabotale, ndipo muwauze kuti pamalopo amatsukirapo golide, chifukwa mukapanda kunena adzangoyeza tizilombo tokha.