Nsomba Yochedwa Mako ndi Ciyambi ca Dzina Lace

M'nyanja zazikulu za mcere muli nsomba zolusa zochedwa shaki, ndipo yaliwiro koposa zonse ndiyo mako. Munthu wolankhula Cinyanja, pakumva dzina limeneli, angayese kuti wina alikumutukwanira amai ace. Koma iai, mau awa sali a Cinyanja. Anacokera kutali, ku zisumbu za New Zealand, m'cinenero ca Amaori, eni dziko limenelo.

Kwa Amaori, mako ndiye shaki ameneyu, ndiponso dzino lace. Dzinolo ndi lalitali, losongoka ndi losalala. Anthu anali kulibvala kukhutu monga cokometsera ca mtengo wapatali, ndipo mabanja anali kusunga mano otere ndi kusiyira ana ao.

Nanga dzinali linafika bwanji ku maiko ena? M'caka ca 1820 mafumu awiri a Amaori, Hongi Hika ndi Waikato, anamka ku England pamodzi ndi mmishonale Thomas Kendall. Ku Cambridge anathandiza mphunzitsi wa zinenero, Samuel Lee, kukonza buku la mau a Cimaori, ndipo m'bukumo mako analembedwa monga dzina la nsomba. M'caka ca 1848 mmishonale wina, Richard Taylor, analongosola kuti ndiye shaki wa dzino lija Amaori alikonda. Cotero Cingelezi cinabwereka mauwo, ndipo lero asodzi a maiko ambiri awachula osadziwa eni ace.

Anthu a sayansi ali nalo dzina lao, Isurus oxyrinchus, la mau a Cigriki onena za mcira wa mbali ziwiri zolingana ndi mphuno yosongoka. Mako wamkulu afika mamita 4 m'litali. Thupi lace likhala lofunda koposa madzi osambiramo, ndipo ndico cimene cimpatsa mphamvu yakupitikitsa nsomba zaliwiro. Saikira mazira m'madzi monga acita bowa-bowa wa nsomba za m'mitsinje, koma abala ana amoyo.

Tsono pali cinthu comvetsa cisoni. Mako wamkazi acedwa kukula, atenga pakati nthawi yopitirira caka, ndipo apumula asanabalenso. Koma zombo zazikulu zimkola ndi mbedza zambirimbiri cifukwa ca nyama ndi zipsepse zace. M'caka ca 2019 mako anawerengedwa pakati pa zamoyo zimene zili pafupi kutha, ndipo maiko anapangana kuika malamulo pa malonda ace.

Aliyense wodziwa usodzi azindikira cimene cicitika pa dziwe pamene anthu akokolola nsomba zisanaswane. Nyanja ya mcere ndi yaikulu, koma lamulo lace ndi lomwelo. Amaori anasamala dzino limodzi kwa mibadwo yambiri. Anthu a lero akapanda kusamala nsomba yeniyeniyo, ana ao adzatsala ndi dzina lokha.