Mukapita ku Mulanje, dzukani ndi othyola tiyi

Mulanje ndi dera la alimi, ndipo banja lofuna kukachezako liyenera kuyendera nthawi ya eni ake. Kumeneko tsiku limayamba m'bandakucha. Wofika dzuwa lili paliwombo amapeza zokoma zambiri zitadutsa kale.

Yambani ndi kusankha mwezi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo minda ya tiyi imabiriwira kwambiri ndipo ntchito yothyola imakhala pachimake, koma mvula yake si yamasewera. Mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, monga Likhubula ndi Ruo, imatha kudzaza mwadzidzidzi pomwe inu pamene mwaimapo sipanagwe ndi dontho lomwe, ndipo anthu akumeneko sanaiwale zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Ngati muli ndi ana aang'ono, dikirani mvula ithe. Komabe musasiye majuzi, chifukwa mu Juni ndi Julayi chiperoni chimakuta phiri lonse, kunja n'kuzizira zedi.

Maminibasi opita ku Mulanje amanyamukira ku Limbe. Msewu wa Midima ndi wachidule, koma wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza ndi umene umakuonetsani ulimi wa chigawochi. Mukatsikira pa Chitakale, gwirizanani mtengo ndi wakabaza musanakwere, ndipo khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba. Pamalo ogona funsani ngati pali neti.

Nkhani yaikulu ili kumunda. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, choncho pemphani chilolezo kuofesi ya esiteti musanalowe. Mukayandikira mudzaona mayi ali ndi dengu kumsana, manja onse awiri akubudula nsonga zanthete n'kumaponya kumbuyo osacheuka. Malipiro ake amadalira kulemera kwa masambawo akafika nawo pasikelo. Mukamuimitsa kuti mujambule naye chithunzi, mwamudyera ndalama. Perekani moni mwaulemu, "Muli bwanji mayi?", imani pambali, ndipo mujambule pokhapokha iye atavomera. Ana auzenitu kuti asathamange m'mizere kapena kuthyola nthambi.

Pamsika sankhani chinanazi pochinunkhiza kunsi kwake. Chakupsa chimamveka fungo lokoma. Kunenerera n'kololedwa, koma musafinye wogulitsa mpaka atsale wopanda phindu, pakuti ambiri amachita kusenza katunduyo kuchokera kutali. Mukapeza kalongonda, chakudya chomwe Alhomwe amanyadira, gulani wophikaphika. Wamuwisi musapite naye kunyumba ngati simudziwa kaphikidwe kake: amafuna kuwiritsa kwa maola ambiri, kutaya madzi kangapo, ndipo akapanda kupsa bwino amadwalitsa.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musagule timabokosi kapena ziboliboli zosemedwa ndi mkungudza, ngakhale fungo lake likukopeni bwanji. Mtengowu umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa.

Ofuna kukwera phiri atenge wolondolera njira ku Likhubula. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, si ya ana kapena agogo. Iwo akhoza kukhutira ndi mathithi a m'munsi. Pobwerera, fikani pa siteji dzuwa lisanapendeke kwambiri, chifukwa kukada maminibasi opita ku Limbe amachepa.