Phunziro: Za Kukwera pa Ntchito

Pali dandaulo limodzi limene limveka kawirikawiri pakati pa anthu apantchito, kaya m'maofesi, m'masukulu kapena m'masitolo. Munthu adandaula kuti wakhala pa mpando umodzimodzi zaka khumi, pamene anzake obwera m'mbuyo mwake ampitirira. Nthawi zina mlandu ulidi wa mabwana okondera, ndipo izi palibe angakane. Koma nthawi zinanso munthu wotereyo wangokhala duu, kuyembekeza kuti tsiku lina wina adzamkumbukira. Akale adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mbiri ya mayi wina wa ku America, dzina lake Ursula Burns, iphunzitsa zambiri pa nkhani imeneyi.

Ursula adabadwa mu 1958 mu mzinda wa New York. Mayi ake, amene adachokera ku Panama, adalera okha ana atatu m'nyumba zimene boma lidamangira anthu osauka. Ankasita zovala za anthu ndi kulera ana a eni, ndipo pa tindalama timeneto adalipirira mwana wawo sukulu ya Akatolika ya atsikana, yotchedwa Cathedral High School. Kumeneko mtsikanayu adalangizidwa kuti ntchito zomuyenera zidali zitatu: usisitere, uphunzitsi kapena unamwino. Zonsezi ndi ntchito zaulemu ndithu, koma iye ankadziwa kuti mphatso yake idali pa masamu. Tsono adafufuza yekha m'mabuku za ntchito zimene wodziwa masamu angagwire, nasankha uinjiniya.

Mu 1980 adatsiriza maphunziro a uinjiniya wa makina ku Polytechnic Institute of New York, nalowa ku kampani ya Xerox, yopanga makina a fotokope, ngati wophunzira ntchito wa miyezi yochepa chabe. Kampaniyo idamthandiza kulipira digiri yachiwiri ku yunivesite ya Columbia, kenaka idamlemba ntchito yokhazikika. Apa pafunika kuzindikira kuti sadakwere ndi mphamvu zake zokha ayi. Thandizo lidalipo, koma thandizo lipindulira yekhayo amene atambasula dzanja kulilandira.

Zaka zisanu ndi zinayi zidapita Mayi Burns akugwira ntchito yawo ya uinjiniya, osadziwika kwenikweni kwa akuluakulu. Mu 1989 kudachitika msonkhano wa antchito umene adautsogolera ndi Bambo Wayland Hicks, mmodzi wa mabwana aakulu. Munthu wina adafunsa ngati kulemba ntchito anthu akuda ndi akazi sikudzatsitsa luso la kampani. Bambo Hicks adayankha funsolo mofatsa, monga ngati lidali funso labwinobwino. Pamenepo Mayi Burns, amene ndi munthu wakuda, adaimirira pamaso pa onse nawauza bwanawo kuti adadabwa kuona funso lotere likulandiridwa ndi ulemu. Pambuyo pake adaitanidwa ku ofesi, ndipo popita kumeneko ankaganiza kuti ntchito yatha. Koma Bambo Hicks, ngakhale adawadzudzula pa kayankhulidwe kawo, adaona kuti apeza munthu wosaopa kunena zoona, ndipo adayamba kukambirana nawo kawirikawiri.

Wachinyamata wowerenga izi asafulumire kuganiza kuti njira yokwerera ndiyo kutsutsa bwana pagulu. Ambiri amene ayesa zotere apakira katundu wawo tsiku lomwelo. Mawu a Mayi Burns adamveka chifukwa kumbuyo kwake kudali zaka zambiri za ntchito yooneka ndi maso, ndiponso chifukwa chimene adanenacho chidali choona. Pakamwa pa mlesi mawu omwewo akadangokhala mwano.

Koma pamene pagona phunziro lenileni ndi apa. Mu Januwale 1990 Bambo Hicks adawapempha kuti akhale wothandiza wawo mu ofesi. Kwa injiniya wa madigiri awiri, ntchito imeneyi idaoneka ngati yonyozeka, ya kalaliki wosunga makalata a bwana, ndipo poyamba Mayi Burns sadaifune. Atafotokozeredwa bwino adavomera, ndipo adapeza kuti idali sukulu yoposa zonse zimene adapitako. Wothandiza bwana ayenda naye maulendo, akhala nawo pa misonkhano imene anzake saloledwa kulowamo, aona mmene ndalama zigawidwira ndi mmene nkhani zovuta ziweruzidwira. Injiniya adziwa makina. Koma woyendetsa kampani ayenera kudziwanso anthu, malonda ndi ngongole, ndipo zimenezi siziphunzirika munthu ali chikhalire pa tebulo lake. Anthu ambiri akana ntchito yotere poyang'ana dzina lake lokha, osafunsa chimene idzawaphunzitsa ndi anthu amene idzawakumanitsa nawo. Mu 1991 mkulu wa kampani yonse, Bambo Paul Allaire, adawatenga kuti akhale wothandiza wawo.

Kuchokera pamenepo adapatsidwa nthambi zosiyanasiyana kuti aziyendetse, ndipo mu 1999 adakhala woyang'anira mafakitale a kampaniyo pa dziko lonse lapansi.

Mpando wapamwamba ubwera ndi katundu wake. Mu 2000 Xerox idali pafupi kugwa ndi ngongole, ndipo Mayi Burns adali atakonzeka kuchoka. Adapemphedwa kuti akhale, ndipo adakhaladi, nagwirizana ndi Mayi Anne Mulcahy amene adatenga utsogoleri wa kampaniyo. Ntchito imene idawagwera idali yowawa: kuchepetsa ndalama zowonongedwa, kupereka gawo lalikulu la ntchito yopanga makina ku kampani ina, ndi kukambirana ndi bungwe la antchito. Kampani idapulumuka, koma anthu zikwi zambiri ntchito idawathera. Wofuna kukwezedwa ayenera kudzifunsa msanga ngati angasenze zoterezi, pakuti malipiro aakulu sachotsa kulemera kwa kuuza bambo wa ana kuti mawa asabwerenso.

Mu 2007 Mayi Burns adakhala pulezidenti wa Xerox, ndipo mu Julaye 2009 adalowa m'malo mwa Mayi Mulcahy ngati mkulu wa kampani yonse. Adali mayi wakuda woyamba kutsogolera imodzi mwa makampani 500 aakulu kwambiri a ku America. Apo n'kuti patapita zaka 29 chilowereni pa khomo la kampaniyo ngati wophunzira ntchito. Adakhala pa mpandowo kufikira kumapeto kwa 2016.